Magalasi a ba Yotamu

Ba Yotamu Njobvu ndi mbuya wanga. Si wachibale ayi, musasokoneze. Iwo ndi Mnsenga wa ku Petauke, ine ndine Mwila, Mbemba wa ku Mpika, ndipo anthu a mitundu yathu iwiriyi timachita chimbuya: timanyozana, timalandana zinthu, popanda wokwiya. Iwo amanditcha wodya anyani, ine ndimawatcha wodya mbewa. Mbuya akalowa pakhomo pako n'kunyamula nkhuku, iwe umangoseka, chifukwa mbuya sakanizidwa. Mawu amenewa muwasunge, ndi amene anatipweteka.

Tinagwira ntchito limodzi zaka khumi ndi zinayi pa fakitale ina youmitsa nsomba ndi nkhuku ku Industrial Area kuno ku Kafue. Dzina lake sinditchula, ndikadali komweko ndipo ndili ndi ana. Tonse awiri tinali mafita, anthu a sipanala, osamalira makina amene amapopa amoniya m'mapaipi kuti zipinda zikhale zozizira. Amoniya ndi mpweya wankhanza. Wochepa chabe umakutulutsa misozi ngati wamva uthenga wa maliro, wochuluka umawotcha maso ndi mapapo.

Pa ntchito imeneyi ba Yotamu analibe mnzawo. Ankatenga sikuludilaiva, nsonga n'kuigunditsa pa kompuresa, chogwirira n'kuchiika kukhutu, n'kutsinzina. Akati, "Beringi iyi siifika Loweruka," Lachisanu inkafadi. Mphuno yawo inkamva amoniya alamu isanalire. Koma mphuno yomweyo inawapatsa matama. Paipi ikadontha pang'ono, iwo masiki sankawafuna. Ankangonyowetsa kansalu pampopi, kumanga pamphuno, kugwira mpweya, kulowa, kutseka, n'kutuluka akutsokomola uku akuseka. Ndinawakalipira kangati! Yankho lawo linali limodzi: "Iwe Mwila, galu wamkota sakandira pachabe. Masiki ni ya imwe ana."

Munthu wosaopa amoniya ameneyu panali chinthu chimodzi chimene ankachiopa ngati imfa, ndipo ndi bolodi lokhomapo zidziwitso la pageti. Kale, asanabwere kwathu, ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Tsiku lina anafika m'mawa n'kupeza anthu ataunjikana pabolodi, onse ali chete. Anatsetsereka ndi chala pamndandanda mpaka anadzipeza, nambala seventini. Zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira anazithera panjinga. Ankapalasa kupita ku Chanyanya kukapikula nsomba kwa asodzi, n'kubwera nazo ku Nangongwe dzuwa likuswa mtengo, ntchentche zikuwalondola, anthu amene kale ankawapatsa moni wa ulemu akuwanenerera mtengo. Mkazi wawo, amake Given, anandiuza kuti m'zaka zimenezo mwamuna wawo anasiya kuseka. Chiyambire pamenepo, akamadutsa pabolodi lililonse, ngakhale la kutchalitchi, mwendo umawalemera. Pa nthawi ya nkhani ino anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume bwinobwino ndi penshoni yawo, ndipo pemphero lawo linali loti dzina lawo lisadzakhomedwenso.

Magalasi anabwera chaka chatha mu Malichi. Anabwera nawo ndi Joy, injiniya wathu watsopano, mtsikana wa msinkhu wa Given, mwana wa ba Yotamu. Anali magalasi ochindikala ngati a wowotcherera zitsulo, koma oonekera bwino, okhala ndi kolankhulira pafupi ndi khutu. Ukawavala n'kuyang'ana kompuresa, pamwamba pake pomwepo pankatuluka zilembo zoyandama: kutentha kwake, mphamvu ya mpweya, tsiku limene inathiridwa oyilo. Ukayang'ana paipi, mzere wobiriwira unkakuonetsa kumene ikupita ngakhale kuseri kwa khoma. Tinasangalala ngati ana, anthu akuluakulu kumagwira m'malere.

Kenako Joy ananena chimene chinazizitsa chipinda chonse. Anati magalasiwo sayang'ana makina okha, amayang'ananso mwini wake. Amaona mmene diso likuyendera, mmene ukuphethirira, ndiponso amamva kugunda kwa mtima pamtsempha wa pafupi ndi khutu. Akaona kuti mutu wadzaza, amachotsa zilembo zambiri n'kusiya chofunika chokha. Akaona kuti munthu akukwanitsa, amamuwonjezera. "Aliyense ali na yake," anatero Joy. "Yamaphunzira munthu wake. Pakapita mwezi yazakudziwani kupambana mkazi wanu."

Anthu anaseka. Ba Yotamu sanaseke. Anafunsa mwaulemu, manja ali kumbuyo, "Manje mayi, yakaona kuti mutu wadzaza, yamauza ndani?"

"Yamauza chabe ine, batata, pa tabuleti iyi. Ni yokuthandizani, si yokugwirani."

Tikutuluka anandinong'oneza kuti, "Na kuja ku nsalu anakamba so. Ati tikungoona chabe mmene musewenzera."

Sabata zitatu zisanathe, pa nthawi ya tiyi panabuka mpikisano wopusa. Wina ati ine lero andionetsa mapu a mapaipi onse, wina ati ine mpaka manambala a m'kati mwa mota. Ine ndiye ndinali patsogolo, pakuti maso anga anazolowera foni ndipo ndimawerenga msanga. Magalasi anga ankandikhuthulira zonse, ine n'kumameza. Ba Yotamu ankangomwa tiyi wawo ali phee. Tsiku lina tili awiri kuseri kwa thanki anandiuza. Awo ankangowaonetsa muvi umodzi ndi mawu awiri kapena atatu. Mangani apa. Dikirani. Tsegulani pang'ono. "Monga aphunzitsa mwana kuyenda," anatero. Ndipo anali atasuzumira pa tabuleti ya Joy. Dzina lililonse linali ndi mzere wake, ena obiriwira, ena achikasu. Wawo unali wofiira kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Ine pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "Yaona kuti mu mutu muli mbewa zekazeka, mbuya." Ndinadikira kuti andibwezere za anyani. Sanabweze. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo, ndipo ndinachita manyazi.

Mutu wawo sunali wokalamba ayi, ine ndikulumbira. Anali mantha. Akangovala magalasiwo, mtima unkayamba kuthamanga poganiza kuti chinthuchi chikuwamvetsera m'kati. Magalasi akamva mtima ukuthamanga, ankachotsa zilembo. Iwo akaona zilembo zachoka, ankadziwa kuti mzere wafiira, mtima n'kuthamangiratu. Anayesa zonse. Anasiya tiyi. Anasiya mchere. Given anawatengera kutchalitchi kwake kuti abusa akawaike manja. Ankaima pakhomo la chipinda cha makina n'kumapuma pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu m'ovolosi, akudziuza kuti khazikika Yotamu, khazikika. Koma munthu ungaulamule mtima kuti usaope? Pamenepo n'kuti mphekesera itayamba kuyenda yoti mu Disembala achepetsa anthu. Amene anaiyambitsa sadziwika mpaka lero, koma aliyense anaiwonjezera mchere, ndipo tonse tinagwirizana kuti oyamba kupita adzakhala a mizere yofiira.

Lolemba lina mu Sepitembala tinafika kushelefu kumene magalasi ankagona pachaji, aliwonse m'kabokosi kolembedwa dzina. Ba Yotamu anatsegula kabokosi kanga, anatenga magalasi anga, navala. Awo anandiikira m'manja.

"Ba Yotamu, nichani ichi?"

"Natenga."

"Awe, izi si nkhuku. Ba Joy anakamba kuti aliyense na yake."

"Iwe wodya anyani, unayamba liti kukaniza mbuya?" Anaseka ponena zimenezi, koma dzanja lawo linali litandigwira mwamphamvu paphewa. Kenako anatsitsa mawu. "Mpaka Disembala chabe, Mwila. Iwe ukali mwana, mzere wako ukafiira pang'ono sazakuchotsa. Ine nikabwerera pa njinga nizafa."

Ndikanakana. Ndimadziuza zimenezi tsiku lililonse. Koma munthu wamkulu, wa imvi, wakupempha m'dzina la chimbuya pamaso pako, ndipo iwe unamuseka tsiku lija. Ndinavala magalasi awo.

Chinyengo chathu chinayenda bwino moti chinandiopsa. Ine ndinkagwira ntchito ndi muvi umodzi ndi mawu atatu, mtima uli m'malo, ndipo mzere wa dzina la Njobvu unabiriwira ngati dimba. Joy anawaimitsa pakhonde akumwetulira, "Ba Njobvu, mwaona? Mwazolowera!" Iwo anangoyang'ana pansi. Ine anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino, chifukwa mzere wanga unali utayamba kufiira. Ndinanamizira mwana kudwala. Musadabwe, nanenso ndinayamba kuliyang'ana bolodi lija.

Ba Yotamu ndiye ankavutika zenizeni. Magalasi anga anali ataphunzira kwa miyezi isanu ndi umodzi kuti mwini wake ndi mphika waukulu, ndipo sankafulumira kuchepetsa. Ankawathira manambala, mapu, mizere, tizilembo ting'onoting'ono pamwamba pa chilichonse. Ndinawaona akugunda mutu papaipi imene akhala akuiwerama zaka khumi ndi zinayi. Ndinawaona akufunafuna sipanala ili m'manja mwawo. Pofika masana maso ankakhala ofiira, mutu ukuwawa, ndipo sikuludilaiva ija anasiya kuiika kukhutu, amati phokoso la m'maso likuwatseka makutu. Kawiri ndinawapempha kuti tibwezerane. Kawiri anandiwerengera masabata otsala.

Chimene tonse awiri sitinachiganizire n'chakuti alamu ikalira, munthu aliyense ali ndi ntchito yake, ndipo magalasi amapereka ntchitoyo potsata dzina. Ya ba Yotamu, monga fita wamkulu, inali kukatseka valavu yaikulu ya pathanki ya amoniya. Yanga inali kutulutsa azimayi makumi atatu a m'chipinda cholongedzera nsomba ndi kuwawerenga pageti.

Linali Lachinayi mu Okutobala, cha m'ma leveni, kunja kukutentha kwakuti malata ankalira. Ine ndinali m'chipinda cholongedzera, ndikukonza lamba wa makina. Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha. Fungo linandibaya m'mphuno, ndipo nthawi yomweyo alamu inayamba kukuwa. Azimayi anataya mabokosi, wina akuitana Yesu, wina akuitana mwana wake amene sanali pamenepo n'komwe.

Ndiye magalasi a ba Yotamu anafufuta chilichonse. Patsogolo panga panangotsala mawu atatu akuluakulu oyera: VALANI MASIKI CHOYAMBA. Ndinatembenukira kumanzere, mawu omwewo. Kumanja, omwewo, ndi kamuvi kolozera kabati ya masiki pakhoma. M'khutu ndinamva Joy akukuwa, "Ba Njobvu, valavu! Pitani ku valavu!" Ndinafuna kuyankha kuti si ine, koma nthawi panalibe. Ndinathamangira kukabati, ndinavala masiki pamwamba pa magalasi, manja akulephera kukoka malamba. Nditangomanga lamba womaliza, mawu aja anachoka, panabwera muvi umodzi pansi, wonditsogolera ku chipinda cha makina. Azimayi ndinawasiya. Mwamwayi Joy anawatulutsa yekha.

Zimene zinkachitika mbali inayo ndinazimva pambuyo pake, kwa iwo eni ndi kwa Joy. Ba Yotamu anali m'chipinda cha makina momwemo pamene cholumikizira paipi chinaphulika. Magalasi anga anawapatsa ntchito yanga, mwa mlingo wanga. Mayina makumi atatu a azimayi anatsika pamaso pawo, mapu a makomo onse, mivi inayi, manambala a mphepo kumene ikulowera, zonse zikuphethira pamwamba pa utsi woyera umene unkadzaza chipinda. Akuti anaima chilili, osaona thanki, osaona khomo, akungowerenga mayina a anthu ngati pabolodi paja. Joy pa tabuleti yake ankaona Mwila ataima pakati pa amoniya, ndipo ankakuwa m'khutu mwawo, "Ba Mwila, muchita chani umo? Chokani! Yankhani, ba Mwila!" Iwo sanayankhe. Mukudziwa chifukwa chake? Ankaopa kuti Joy amva mawu awo n'kudziwa kuti tinasinthana. Mpweya ukuwawotcha pakhosi, munthu akuopabe bolodi.

Magalasi aja pomaliza anazindikira kuti mwini wake wathedwa nzeru, ndipo anachotsa zonse n'kusiya muvi umodzi. Koma unali muvi wa Mwila, wolozera kunja, kwa azimayi. Ba Yotamu ankadziwa kuti valavu ikapanda kutsekedwa, utsi uwoloka mpanda n'kukafika kwa amayi ogulitsa vitumbuwa pamsewu. Anavula magalasiwo, anawaponya pansi, anatulutsa kansalu kawo kaja m'thumba. Pampopi panali patali. Anakamanga kouma.

Ine polowa sindinkaona ngakhale dzanja langa. Ndinkangotsata muvi, ndikupuma ngati ng'ombe m'masikimo, ndikulira, inde ndinkalira, ndikuganiza za ana anga. Muvi unandifikitsa pathanki. Pamenepo phazi langa linagunda chinthu chofewa. Anali atagwada, manja onse awiri ali pagudumu la valavu, mutu uli pachitsulo. Ndinagwira gudumulo kuti nditseke, ndinapeza latsekedwa kale mpaka kumapeto. Anatseka okha, mwa kukhudza, nkhope ili pafupi ndi pamene amoniya ankapopera. Ndinawakoka ndi kolala ya ovolosi mpaka panja, n'kuwaika mutu pansi pa mpopi. Joy anafika akuthamanga, anayang'ana ine, anayang'ana iwo, anayang'ana tabuleti yake. Anangogwada n'kuwatsegula zikope ndi zala kuti madzi alowe, akunena mobwerezabwereza, "Batata, batata, mwachita chani?"

Anakhala m'chipatala ku Lusaka milungu isanu. Diso lamanzere linafa. Lamanja limangoona kuwala ndi mithunzi. Mapapo anachira pang'ono, koma akakwera kachitunda amapuma ngati mpopa wa njinga. Pa kafukufuku ndinaulula zonse, ndipo anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza, imene ndinailandira ndi manja awiri chifukwa inandichepera. Joy anandikalipira misozi ikutsika, anati mizere ija sanaionetsepo bwana aliyense, ndipo wofiira kwa iye unkangotanthauza kuti munthu uyu mupatseni zochepa kuti agwire bwino. Kaya n'zoona zonse, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Disembala inafika n'kudutsa, pabolodi sipanakhomedwe dzina la munthu. Ba Yotamu okha ndi amene anachoka, adokotala atalemba kuti sangagwirenso ntchito.

Masiku ano amakhala pakhonde la nyumba yawo ku Nangongwe, pampando wa pulasitiki, atavala magalasi akuda a pamsika. Amamvetsera maminibasi akudutsa, ndipo amakuuza kuti iyo ya buluu mabuleki atha, ndipo ukafunsa kondakitala amavomera. Ndimapitako Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Amake Given amandilandira bwino, amandipatsa madzi, koma chiyambire tsiku lija sananditchepo wodya anyani. Amanditcha ba Mwila. Ulemu umenewo umandipweteka kuposa mbama.

Ine magalasi ndimavalabe, anga enieni. M'mawa uliwonse ndimaona kawiri dzina pakabokosi. Ndikawavala mtima umagunda, iwo amachotsa zilembo, ndipo ndimawasiya achotse.

Lamlungu lapitali ndinapatsa ba Yotamu moni n'kukhala pambali pawo. Kenako anatembenuzira nkhope kumene kunali mawu anga.

"Iwe Mwila. Tsiku lija, magalasi yanga yanakuonetsa chani?"

Funso limeneli ndakhala ndikuliopa miyezi yonseyi. Ndinati, "Muvi chabe, mbuya. Wopita ku valavu."

"Usaname. Ukanama umameza mate, nakumvera. Muvi usanabwere, panali chani?"

Ndinayang'ana amake Given, amene anali ataima pakhomo ndi beseni. Sananditsinzinire, sanandiletse. Ndinawauza ba Yotamu. Ndinawauza mawu atatu aja, ndi kuti sanachoke pamaso panga mpaka nditamanga lamba womaliza. Ndinawauzanso zimene Joy anandifotokozera, kuti magalasi a anthu ena onse sankayamba ndi mawu amenewo, ndi awo okha, chifukwa pa mayeso a alamu a mu Epulo ndi mu Juni anawaona akuthamangira ku thanki ndi kansalu.

Minibasi inadutsa ikulira moipa, ba Yotamu osanenapo kanthu za injini yake. Anavula magalasi akuda aja, anawapukuta ndi malaya pang'onopang'ono ngati pali choti aonere, n'kuwagwira pamwendo.

"Kansi yanali kunidziwa," anatero.

Ndinasendera pafupi nawo, iwo n'kupitiriza.

"Yanali kunidziwa, ine n'kupatsa iwe." Anatambasula dzanja m'malere mpaka linapeza phewa langa, ndipo anandigwira mwamphamvu ngati tsiku lija kushelefu. "Mwila, ukananikaniza."